Mkangano wa utsi wa zombo ku London: cifukwa cake Zambia ayenera kuchera khutu

Pa 17 October 2025, nthumwi za maiko amene ali m'bungwe loona za maulendo a panyanja la International Maritime Organization, mwacidule IMO, zinabalalika mumzinda wa London zisanavomereze lamulo limene likanayamba kulipiritsa zombo zikuluzikulu cifukwa ca utsi umene zimatulutsa. Maiko 57 anavota kuti nkhaniyi iyambe yaimitsidwa kwa caka cimodzi, maiko 49 anafuna kuti ipitirire, ndipo ena 21 sanavotere mbali iliyonse.

Nkhaniyi sinamveke kwenikweni ku Lusaka kapena ku Kitwe, ndipo n'zosadabwitsa popeza Zambia alibe gombe la nyanja ya mcere. Komabe mkuwa umene umacoka ku Solwezi, Chingola ndi Mufulira umathera ulendo wake wa pamtunda pa madoko a Dar es Salaam, Beira, Durban ndi Walvis Bay, ndipo kucokera pamenepo umanyamulidwa ndi zombo. Feteleza, salaula, magalimoto akale ocokera ku Japan, ngakhale dizilo amene amapopedwa m'paipi ya TAZAMA mtunda wa makilomita 1,710 kufika ku Ndola, zonsezi zimayamba zaoloka nyanja. Malinga ndi bungwe la United Nations loona za malonda la UNCTAD, katundu wopitirira 80 peresenti wa malonda a pakati pa maiko amayenda pamadzi. Zombo zazikulu zambiri zimene zimanyamula katunduyu zimakankhidwa ndi makina a mtundu umodzi, injini yaikulu ya dizilo yochedwa two-stroke. Mkangano wa ku London kwenikweni unali wa mafuta amene injini imeneyi iyenera kumwa, ndiponso amene adzalipire mafutawo akasinthidwa.

Dzina lakuti two-stroke si lacilendo kwa munthu amene anagwirapo makina odulira mitengo kapena kajenereta kakang'ono kosakaniza petulo ndi oilo. Mu injini ya galimoto kapena ya cigayo, pisitoni imayenda maulendo anai, kutsika, kukwera, kutsikanso ndi kukweranso, kuti mafuta aphulike kamodzi. Mu injini ya two-stroke mafuta amaphulika nthawi iliyonse pamene pisitoni yafika pamwamba. Kufanana kwa injini ya combo ndi kajenereta kaja kumathera pomwepo. Ya combo sisakaniza mafuta ndi oilo. Pisitoni ikatsika imatsegula mabowo amene ali m'munsi mwa silinda, mpweya wopanikizidwa ndi turbocharger umalowa, n'kukankha utsi kuti utulukire pa valavu imodzi yaikulu ya pamwamba. Kenaka pisitoni imakwera, mpweyawo umapanikizika mpaka kutentha kwambiri, ndipo mafuta akathiridwa amayaka okha.

Ukulu wake ndi wovuta kuuyerekeza. Injini ya RT-flex96C ya kampani ya Wärtsilä, imene inayamba nchito m'caka ca 2006 mu combo ca Emma Mærsk, ili ndi masilinda 14, ndipo silinda iliyonse ndi yotambasuka masentimita 96 m'kati mwake. Pisitoni imakwera ndi kutsika mtunda wa mamita 2.5. Injini yonse imalemera matani 2,300, ndi yaitali mamita oposa 26, ndipo msinkhu wake ndi mamita 13.5, ngati nyumba ya nsanjika zinai. Mphamvu yake imafika mamegawati 80, pamene malo opangira magetsi a ZESCO a pa Victoria Falls amapanga mamegawati 108. Injini imodzi yokha ya combo ili ndi mphamvu pafupifupi magawo atatu mwa anai a malo onsewo.

Cinsinsi cake cagona pa kuyenda pang'onopang'ono. Injini imeneyi ikathamanga kwambiri imazungulira maulendo 102 okha pa mphindi, pamene ya galimoto imazungulira maulendo oposa 700 galimotoyo itangoima. Popeza cipalaso cacikulu ca kumbuyo kwa combo cimagwira bwino nchito cikamazungulira mwacifatse, injiniyo imalumikizidwa ku cipalasoco mwacindunji popanda magiya. Woyendetsa akafuna kuti combo cibwerere m'mbuyo, injini imazimitsidwa n'kuilizanso mozungulira cakumbuyo, ndipo poiliza amagwiritsa nchito mpweya wopanikizidwa m'mathanki cifukwa palibe batire limene lingatembenuze citsulo cotere. Kuyenda mosafulumira kumapatsanso mafuta nthawi yokwanira yakuti apse bwino. Pafupifupi theka la mphamvu ya m'mafuta limasanduka nchito yeniyeni yokankha combo, pamene injini ya petulo ya galimoto wamba imataya gawo lalikulu ngati kutentha.

Ubwino wina umene eni zombo anaukonda kwa zaka zambiri ndi wakuti injiniyi sisankha cakudya. Imamwa mafuta akuda olemera, zotsalira za m'fakitale yoyenga mafuta pamene petulo, palafini ndi dizilo zacotsedwa kale. Mafutawa akazizira amakhala olimba ngati phula, ndipo amayenera kutenthedwa kupitirira madigiri 100 kuti athe kulowa mu injini. Kuchipa kwa mafuta amenewa ndi cimodzi mwa zinthu zimene zinacititsa kuti kunyamula katundu kucoka ku China kufika ku Dar es Salaam nthawi zambiri kukhale kochipa kuposa kumunyamula pa thiraki kucoka ku Dar es Salaam kufika ku Copperbelt.

Pamtunda injini za mtunduwu zimagwiranso nchito zolemetsa. Zisumbu zina zimene zilibe mitsinje ikuluikulu zimapangira magetsi injini zofanana ndi za zombo, monga pa Fort George mumzinda wa Port Louis ku Mauritius. Pa njanji, kampani ya General Motors ya ku America inachuka ndi injini za two-stroke zocepako kuyambira m'caka ca 1938, ndipo ena mwa mutu wa sitima amene Zambia Railways inagula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anali a mtundu umenewu. Pamsewu ndi m'migodi malamulo a utsi anazikankhira pambali kalekale. Panyanja ndi pamene zinakhazikika popanda wozipikisa.

Vuto lake ndi utsi. Mafuta akuda ali ndi sulfure wambiri, ndipo pa 1 January 2020 bungwe la IMO linatsitsa mlingo wololedwa kucoka pa 3.5 peresenti kufika pa 0.5 peresenti. Eni zombo ena anayamba kugula mafuta oyengedwa bwinoko, ena anaika makina otsuka utsi ndi madzi kuti apitirize kumwa mafuta akale. Imeneyo inali nchito yopepuka. Yovuta ndi ya mpweya wa carbon dioxide umene ukutenthetsa dziko, cifukwa umenewu sungatsukidwe mosavuta. Zombo zimatulutsa pafupifupi 3 peresenti ya mpweya woterewu padziko lonse, ndipo mu July 2023 maiko a mu IMO anagwirizana kuti pofika ca m'ma 2050 nchito ya zombo isamaonjezenso mpweyawu mumlengalenga.

Lamulo limene linaimitsidwa ku London linali njira yofikira colinga cimeneco. Linavomerezedwa koyamba mu April 2025, pamene maiko 63 analivotera ndipo 16 analikana. Linakhudza zombo zazikulu zoyenda pakati pa maiko, zimene zimatulutsa 85 peresenti ya mpweya wonse wocokera ku nchitoyi. Caka ndi caka kuyambira 2028, mafuta a combo ciliconse anayenera kukhala aukhondo kuposa a caka capita, ndipo colephera cikanalipira madola 100 kapena 380 pa tani iliyonse ya mpweya wopitirira mlingo, malinga ndi kukula kwa kulepherako. Ndalamazo zikanalowa m'thumba limodzi, lothandiza zombo za mafuta aukhondo ndiponso maiko osauka amene angapwetekedwe ndi kukwera kwa mitengo.

Boma la America, pansi pa mtsogoleri wa dzikolo a Donald Trump, linatsutsa lamuloli mwamphamvu. Linanena kuti ndi msonkho wa padziko lonse umene ungakweze mtengo wonyamulira katundu ndi 10 peresenti kapena kuposa, ndipo linaopseza maiko olivomereza ndi zilango za malonda ndi kuletsa ziphaso zolowera m'dzikolo. Saudi Arabia, amene cuma cake cimadalira mafuta, ndiye anapereka pempho loimitsa zokambirana. Cocititsa cidwi n'cakuti bungwe la eni zombo la International Chamber of Shipping, amene akanalipira ndalamazo, linali kumbali ya lamuloli ndipo linadandaula litaimitsidwa.

Cifukwa cake cikupezeka mu injini momwemo. Combo cimagwira nchito zaka 25 kapena kuposa, ndipo injini yake imaikidwa combo cikumangidwa. Munthu amene akuitanitsa combo masiku ano akusankha mafuta amene cidzamwe mpaka ca m'ma 2050, ndipo sangasankhe mwanzeru ngati malamulo sakudziwika. Okonza mapulani a injinizi ndi ocepa kwambiri. Pali kampani ya MAN Energy Solutions, imene inasintha dzina kukhala Everllence mu 2025 ndipo mapulani a injini zake za two-stroke amalembedwa ku Copenhagen, pali WinGD ya ku Winterthur m'dziko la Switzerland imene eni ake ndi kampani ya boma la China yomanga zombo, ndiponso Japan Engine Corporation. Injini zenizeni zimasulidwa m'mafakitale a ku South Korea, China ndi Japan.

Makampaniwa anaonetsa kale kuti injini yomweyi ingathe kumwa zina. Pali zombo zambiri zoyendera gasi wozizitsidwa, ngakhale kuti injini zina zimapulumutsa gasi wosapsa wa methane, amene amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide. Mu 2023 combo ca Laura Mærsk cinayamba kuyendera methanol, ndipo m'caka comweco akatswiri a ku Copenhagen anayamba kuyesa ammonia, mankhwala omwewo opangira feteleza, amene ndi poizoni woopsa akatayika m'cipinda ca injini. Zoona zake n'zakuti injini sizikusowa. Cikusowa ndi mafuta aukhondo okwanira pa mtengo umene ungapikisane ndi mafuta akuda, ndipo palibe amene angamange mafakitale opangira mafutawo ngati mafuta akuda apitiriza kuipitsa mpweya kwaulere. N'cifukwa cake zombo zambiri zimene zili ndi injini za mafuta a mitundu iwiri zimayendabe ndi mafuta akale.

Kwa Zambia funso ndi lakuti mtolo udzagwera ndani. Pa mkuwa nkhawa ndi yocepa. Tani imodzi ya mkuwa inagulitsidwa pa madola oposa 10,000 m'miyezi yomaliza ya 2025, ndipo mtengo wa combo ndi kagawo kakang'ono ka ndalama imeneyo. Colinga ca boma cakuti migodi izitulutsa matani 3 miliyoni pa caka pofika 2031, kucoka pa matani pafupifupi 820,000 a mu 2024, cidzavutika kwambiri ndi magetsi, misewu ndi njanji kuposa ndi utsi wa zombo. Kumene kungapweteke ndi pa katundu wolemera koma wa mtengo wocepa. Tani ya feteleza imagulidwa pa madola mazana ocepa okha, motero kukwera kulikonse kwa mtengo wa combo kumaonekera msanga pa thumba limene mlimi wa ku Katete kapena Petauke amagula. N'cimodzimodzi ndi tirigu, mafuta ophikira ndi dizilo.

Kuimitsidwa kwa lamuloli kungaoneke ngati mpumulo kwa dziko lotere, koma mpumulowo ndi wokaikitsa. Maiko a European Union sanadikire IMO. Kuyambira January 2024 anayamba kulipiritsa zombo zofika pa madoko ao cifukwa ca mpweya, kuphatikizapo theka la mpweya wa ulendo wocokera kunja kwa Ulaya, ndipo makampani a zombo anaika ndalamayo pa mitengo imene amalipiritsa eni katundu. Wogulitsa katundu ku Ulaya kucokera ku Africa amalipirako, koma ndalamazo zimatsala m'manja mwa maiko a ku Ulaya. Lamulo la IMO, ngakhale kuti maiko a zisumbu za m'nyanja ya Pacific analiona kukhala lofooka, linali ndi lonjezo lakuti gawo lina la ndalama lidzabwerera kwa maiko osauka, ndipo Zambia ali pa mndandanda wa United Nations wa maiko amenewo. Cigawo ciliconse cikayamba kuika msonkho wakewake, maiko opanda madoko adzalipira popanda kulandira kanthu.

Zambia analowa m'bungwe la IMO m'caka ca 2014, motero ali ndi mpando pa zokambiranazi, monganso Malawi ndi Zimbabwe. Koma mau a maiko salemera mofanana. Lamulo lotere limafuna kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a maiko amene anasaina pangano loletsa zombo kuipitsa mpweya, ndipo ngakhale litavomerezedwa lingagwetsedwe ngati likanidwa ndi maiko amene mbendera zao zili pa theka la zombo za padziko lonse, powerengera ukulu wa zombozo. Maiko atatu amene analembetsa zombo zambiri ndi Liberia, Panama ndi Marshall Islands, ndipo Liberia, dziko la kumadzulo kwa Africa, anapitirira Panama n'kukhala woyamba m'caka ca 2023.