Za Mau a Chingerezi: "Smart"

Mwezi uno tikambirane za liu limene linasautsa nkhalamba ina. Mwana wake anailembera kalata kuchokera ku London kuti pa tsiku la ukwati ikafike ili smart. Ndipo mwezi womwewo mdzukulu anaipempha ndalama zogulira lamya ya smart. Nkhalambayo inazizwa, niti, "Kodi lamya nayonso imavala jekete?"

Funso limeneli si lopusa ai. Liuli ndi limodzi, koma layenda ulendo wautali. Pa Chingerezi chakale, cha zaka ngati 1,000 zapitazo, linali kunena ululu wolasa, monga wa chikoti kapena wa mbola ya njuchi; ndipo Ajeremani kufikira lero amati Schmerz potchula ululu, pakuti mau awiriwa ali pa chibale. Tsono cholasa chimakhala chakuthwa, ndipo potero anayamba kutcha smart munthu wachangu ndi wa nzeru zakuthwa. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1700, analipatsanso munthu wotchena, wa malaya osita ndi nsapato zopukuta.

Taonani tsono pamene pagona chisokonezo. Mngerezi akati mnyamata ali smart, kawirikawiri ayamika zovala zake. Koma Mmereka akatero, ayamika mutu wake. Ife kuno tinatengera Angerezi, nchifukwa chake mphunzitsi pouza ana kuti abwere ali smart anena za yunifolomu yochapa, osati za masamu.

Za makina zinatulukira ku tanthauzo la nzeru lija. M'chaka cha 1994 inayamba kugulitsidwa lamya ya kampani ya IBM yotchedwa Simon, imene inkatumiza makalata, munthu akungokhudza pa galasi pake. Ndipo iPhone itatuluka mu 2007, liuli linawanda ngati moto wa m'tchire, nilifikira mawotchi ndi mawailesi a kanema. Komatu ife tiyesa kuti dzinali lawakulira. Mulibe nzeru m'menemo, muli kakompyuta kochita zimene anthu anakalamula. Ndipo wailesi ya kanema ya smart, m'nyumba yopanda intaneti, siposa inzake yotsika mtengo. Wogula ayambe wafunsa asanamasule chikwama.

Nanga nkhalamba ija? Tinaiuza kuti ku ukwati itenge suti ndi tayi. Kalatayo ikadati smart casual, buluku labwino ndi malaya a kolala zikadakwanira, tayi nkutsala m'bokosi. Za lamya ija ikambirana ndi mdzukulu wake ikagulitsa mtedza.