Kudzipereka Si Cilolezo ca Mwano

Inu acinyamata olandira alendo pa tsiku la sewero, tamverani. Mukaona bwana wa suti, mumathamanga kukamupezera mpando wakutsogolo. Agogo a citenge, amene agula tikiti yomweyo, mumangowalozera kumbuyo ndi cala. Sewero likayamba muli pa maceza panja, tochi ili m'thumba, ocedwa akupunthwa mumdima. Tikakudzudzulani mumati, "Sitilipidwa." Kodi anakukakamizani ndani?

Kaya ndi ku Lusaka Playhouse kapena m'holo ya mpingo, mlendo amaona nkhope yanu asanaone sewero. Yakobo mutu 2 akudzudzula tsankho la mipando lomweli. Fikani msanga, dziwani makomo oturukira, khazikani agogo poyamba. Ngati zakukanikani, bwezani baji.