Tipatseni Sipanala, Njinga ya Pinki Khalani Nayo

Asisi, lero tikambe za njinga. Ukalowa m'shopu n'kunena kuti ukufuna felemu ya mountain bike kuti umange njinga yako wekha, funso loyamba limakhala lakuti, "Ndi ya abambo akunyumba?" Ukati ndi yako, amaseka kaye, kenako amakulozera kanjinga ka pinki ka kadengu kutsogolo. Eti ndiye ya azimayi. Ife zimenezi zatikwana.

Penti sakweza munthu phiri. Njinga imakhala yako ikagwirizana ndi thupi lako, ndipo zambiri zogula zomangiratu zimabwera ndi zida zoyenera munthu wamtali, wa manja akuluakulu. Ma crank a 175mm, pamene wamfupi amapalasa bwino ndi a 165mm. Handulo yotambalala mpaka 780mm, mapewa kuchita kuwawa. Chishalo chopanikiza. Mabuleki oti zala sizifikira. Ndiye ukavutika pamtsetse wa ku Zomba amati, "Mwaonatu, azimayi simungathe." Ayi achimwene, vuto ndi njingayo.

N'chifukwa chake tikuti gulani zida chimodzichimodzi, mumange nokha. Si ufiti ayi. Yambani ndi felemu ya saizi yanu, chifukwa zina zonse zimatsatira felemuyo. Funsani kuti imalola matayala ati: a mainchi 26, 27.5 kapena 29. Yezani mpata wa habu yakumbuyo. Mafelemu ambiri akale ndi 135mm, atsopano a Boost ndi 148mm, ndipo mukagula wilo losayeza, ndalama zapita. Tcheni igwirizane ndi magiya: kumbuyo akakhala 9, tcheninso ikhale ya 9-speed. Mabuleki a mafuta a Shimano amafuna mineral oil, mukathiramo DOT mwawapha. Pedulo yakumanzere imamangidwa chobwerera, mosiyana ndi bawuti wamba, ndipo pamenepa ndi pomwe ngakhale anyamata odzitama aja amawononga crank. Musanadule foloko kapena handulo, yezani kawiri. Chitsulo chikaduka sichiphukanso.

Tisanamizane: kumanga nokha nthawi zina kumadula kuposa kugula yomangiratu, ndipo ntchito zina, monga kulowetsa headset kapena kuwongola masipoko, zimafuna zida zapadera. Kupita kwa makaniko si manyazi. Chimene tikukana n'choti atilande sipanala m'manja n'kutiuza kuti tikakhale pamthunzi. Njinga ndi yathu, ndalama ndi zathu. Tiziima pomwepo, tizifunsa, tiziona.

Ena akuti, "Aaa, nkhani ya njinga basi?" Kumbukirani kuti kuno kwathu lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauzi, ndipo linachotsedwa mu 1993. Amayi athu akati akwere njinga, ankayamba alimbana ndi chitenje ndi maso a anthu. Mu 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankavulabe akazi pamsewu chifukwa cha thalauzi. Lamulo linapita, koma maganizo oti mkazi asamayende yekha, asamadetse manja ndi girisi, adakalipo. Ena awasamutsira m'mashopu a njinga.

Ndiye taganizirani izi. Muli kutali ndi tauni, dzuwa likulowa, tcheni yaduka. Amene anangopatsidwa njinga adikira munthu wosamudziwa kuti amuthandize, mtima uli thi thi thi. Amene anaimanga yekha atulutsa chain tool ndi quick link m'chikwama, alumikiza, n'kupalasa wa kunyumba. Ufulu umene tikunenawu ndi womwewo.

Kwa ogulitsa: mtsikana akafunsa za habu, muyankheni za habu. Za amuna ake sizikukukhudzani.

Kwa inu asisi: ngati pakhomo pali felemu imene yakhala ikuchita dzimbiri kuseri kwa khitchini, ikokeni Loweruka lino, muiyeze, mulembe zimene zikusowa. Itanani mnzanu, mubwerekane Allen key. Girisi amachoka ndi sopo.