Chovundulira cha m'makina akale ochapira

Ku America kuli anthu amene amatolera makina akale ochapira zovala, aja otsegukira pamwamba, n'kumawakonza m'magalaja mwawo, ndipo ine ndimawamvetsa. Chimene chimawadya mtima ndi chovundulira, mzati wa zipsepse uja umaima pakati pa mgolo, umene eni ake amati agitator. Mu 1922 kampani ya Maytag ya ku Newton, ku Iowa, inatulutsa makina a Gyrafoam. Howard Snyder wa kampaniyi ndiye anaika chovundulira pansi pa mgolo kuti madzi azipyola m'nsalu, m'malo mokhuza zovala pa chinthu chokhakhala. Chovundulira cha Maytag chimapotokera uku n'kubwerera uko, pomwe chakale cha kampani ya Frigidaire chinkakwera n'kutsika ngati munsi mumtondo. Okonda makinawa amachapa chivundikiro chili chotsegula, atawerama, kuyang'ana malaya akumira pakati n'kuvuukira m'mbali, thovu lili mbuu! Lee Maxwell wa ku Eaton, ku Colorado, anasonkhanitsa makina ochapira oposa 1,000. Fakitale ya ku Newton inatsekedwa mu 2007, koma makina ake ambiri akuchapabe. Lamba akaduka, mwini wake amangowapendeketsa, n'kulowetsa dzanja kunsi, n'kukoleka wina.