Kasungu yasangalala ndi Scorchers, koma atsikana akadali kunazale

Pamene timu ya amayi ya Scorchers idagonjetsa Angola 2-0 pa bwalo la Bingu mu Okutobala 2025, n'kudzigulira malo kwa nthawi yoyamba mumpikisano wa WAFCON, chimwemwe sichidathere ku Lilongwe kokha. Ngakhale kwa Chinkhoma ndi kwa Santhe m'boma la Kasungu, komwe mwezi umenewu alimi amakhala kalikiliki kuthirira nazale za fodya, dzina la Faith Chinzimu, yemwe adamwetsa zigoli zonse ziwiri, lidali pakamwa.

Koma ochemererawo ndi ofunika kuwaunika. Ena mwa iwo ndi abambo amene angakuwerengereni pamtima zigoli 20 zomwe Temwa Chawinga adamwetsa muligi ya ku America mu 2024, komatu mwana wawo wamkazi akapempha kupita kubwalo madzulo amamulozera ndowa kuti akatunge madzi a kunazale. M'sukulu zambiri zakumudzi bwalo lalikulu limatengedwa ngati la anyamata, atsikana n'kutsalira ntchemberembaye.

Bungwe la FAM lingayesedwe kuona chipambanochi ngati umboni wakuti zinthu zili m'chimake. Chikhalirecho, Temwa ndi mkulu wake Tabitha adatulukira kumudzi, ku Rumphi, ndipo ofuna osewera odzalowa m'malo mwawo adzayenera kufikanso m'maesiteti a ku Chamama, n'kuyamba akambirana ndi makolo.