Dima inapita kuti?

Abale anga a kuno ku Tsangano, ndi inu muli ku Lilongwe ndi ku Joni, ndiloleni ndilankhulepo.

Sabata yatha tinaika maliro a gogo wina m'mudzi muno. Adzukulu okumba manda analipo anayi okha, awiri mwa iwo imvi zili mbuu. Anyamata ena ali ku Joni, ena pa kabaza ku Lizulu, otsalawo anayamba afunsa kaye kuti "pali kangachepe?" Manda, abale! Mpaka kulipiritsa?

Ine ndakula nthawi ya dima. Mayi ankaphika thobwa, anthu n'kubwera ndi makasu m'mamawa, pofika masana munda wonse wa kachewere atapalira. Mawa lake kwa ena. Wamasiye sankasowa tulo chifukwa cha munda. Lero zonse ndi ganyu, wopanda ndalama munda wake umangomera tchire.

Sindikuwanena anyamatawa ayi, feteleza wakwera, aliyense akusaka ya sopo. Koma taonani, pogulitsanso aliyense ali yekhayekha. Mavenda akabwera ndi matumba awo osokerera pamwamba aja amatchula okha mtengo, ife n'kungovomera, poti mvula ikagwa msewu wathuwu magalimoto safika.

Inu a m'tauni, chipepeso cha pa Airtel Money timalandira, zikomo. Koma foni siikumba manda. Mukabwera ku Umhlangano kwa Inkosi Gomani musamangovina ngoma n'kubwerera, muzifika kumudzi tikhale pansi ndi amfumu.

Loweruka lino ndikukapalira kwa mayi wamasiye uja wa kutsidya kwa dambo. Thobwa ndiphikitsa ine. Khasu mubwere nalo lanu.