Musanapereke ndalama, mmisiri wanu akaione kaye nyumbayo

Pa Malomo nyumba zimagulidwa m'chilimwe. Kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, fodya atapita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, soya ndi mtedza zitakwera pa sikelo za mavenda, m'pamene mumamva kuti auje agula nyumba kuseri kwa msika, auje atenga sitolo ya m'mbali mwa msewu wa ku Nkhotakota. Ena mwa ogulawa ndi aphunzitsi opuma ntchito amene angolandira kumene ndalama zawo. Ena ndi ana athu a ku Joni, amene nyumbayo amangoionera pa WhatsApp n'kutumiza ndalama kwa achimwene awo. Onsewa akuthira thukuta la zaka zambiri pa chinthu chimodzi, ndipo chimandiwawa n'chakuti ambiri amachiyang'ana kwa mphindi zowerengeka.

Chilimwe chimakometsa nyumba iliyonse. Kopanda mvula denga silidontha. Pabwalo pamene madzi amadikha mu Febuluwale pamakhala pouma gwa. Mwininyumba akapaka laimu kunja, penti m'kati, wogula amalowa, kuwerenga zipinda, kufunsa ngati pali magetsi, basi wayamba kunenerera mtengo. Komatu munthu yemweyo pogula ng'ombe ya pangolo amatenga mnzake wodziwa ziweto, kuiyendetsa, kuikanula kukamwa, kuitukula ziboda. Nyumba ndi ng'ombe zingati, kuti tizigula chotseka m'maso?

M'tauni, banki siibwereketsa ndalama zogulira nyumba isanatumize katswiri wake kukaiona. Ku South Africa, ku Britain ndi ku America kuli anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo, kuyendera nyumba m'malo mwa wogula n'kumulembera zonse zimene apeza. Kuno kwathu tilibe maofesi otero, koma amisiri tili nawo. Alipo akuluakulu amene amanga nyumba zaka zambirimbiri, alipo anyamata amene anaphunzira zomangamanga m'sukulu za ntchito zamanja pansi pa TEVETA, ndipo ku khonsolo pa boma la Ntchisi kuli ofesi yoona zomangamanga ndi ya za malo. Chofunika n'chakuti mmisiriyo akhale wanu, womulipira inu. Asakhale amene anamanga nyumbayo, asakhalenso mlamu wa wogulitsa kapena mnzake wa dobadoba amene wakulondolerani.

Mmisiri wodziwa ntchito sayambira pabalaza. Amayamba wazungulira kunja, maso ali pansi. Dziko lathu lino ndi la zitunda, ndipo nyumba zambiri zinamangidwa potsetsereka: kumtunda anakumba, kumunsi anathira dothi kuti pasalale. Dothi lothira lija likapanda kutsenderedwa bwino limatitimira pang'onopang'ono, ndipo mbali ya kumunsi ya nyumba imatitimira nalo. Chizindikiro chake ndi mng'alu. Si mng'alu uliwonse woopsa, ndipo apa m'pamene diso la mmisiri limasiyana ndi lathu. Timing'alu tating'ono ta pa pulasitala ndi ta simenti yowuma mofulumira, tilibe kanthu. Koma mng'alu wotsata mizere ya njerwa mokhotakhota, wotakasuka kumwamba, wooneka kunja ndi m'kati momwe, ukunena kuti maziko asuntha. Chitseko chovuta kutseka ndi windo lopendama zimanena zomwezo. Pamene mwaona kuti amatapo simenti yatsopano pakhoma lakale, funsani kuti panali chiyani.

Mwininyumba akalola, mmisiri akumbe pang'ono pa ngodya imodzi kuti aone kuya kwa maziko. Aonenso ngati anayala pepala lakuda lija la DPC pakati pa maziko ndi khoma. Popanda pepalalo chinyontho chimakwera m'njerwa, penti n'kumasupuka cha m'munsi mwa khoma, n'kumatuluka zoyerayera ngati mchere. Nyumba zoyandikira dambo zimavutika kwambiri ndi zimenezi. Pansi agogode ndi ndodo: pamene pakulira ngati m'kati mulibe kanthu, simenti yasiyana ndi dothi, posachedwa paphwanyika.

Nkhani ya njerwa ndiyo imasokoneza ambiri. Pali nyumba ya zidina, pali ya njerwa zowotcha zomangira dothi, pali ya njerwa zowotcha zomangira simenti. Zonse zitatu zikapakidwa pulasitala zimafanana. Sindikunyoza nyumba yomangira dothi. Ambiri tinakulira m'nyumba zotero, ndipo ikakhala ndi maziko abwino ndi denga lotulukira bwino kunja imakhala zaka. Chimene ndikukana ndi kulipira mtengo wa simenti pa khoma la dothi. Msomali umodzi wokha umathetsa mkangano: mmisiri akanda pakati pa njerwa pamene palibe pulasitala, monga pamwamba pa khoma, ndipo chimene chatulukacho ndicho choonadi.

Pamwamba pa mawindo ndi zitseko payenera kukhala bimu ya konkire ndi zitsulo yozungulira nyumba yonse, yomanga makoma pamodzi. Ena amaika timalintala pa windo lililonse n'kusiya pomwepo kuti apulumutse simenti. Tisaiwale kuti dziko lathu limagwedezeka. Mu Malichi 1989 chivomerezi chinagwetsa nyumba ku Salima ndi madera oyandikana nako, anthu masauzande ambiri n'kusowa pogona, ndipo Salima si kutali ndi Dowa ndi Ntchisi. Mu Disembala 2009 zinachitikanso ku Karonga. Makoma opanda chowamanga pamodzi ndi magebulo aatali ongoimirira okha ndi amene amayamba kugwa nthaka ikagwedezeka.

Denga mmisiri alione pokwera, osati ataima pansi. Ngati muli siling'i alowe ndi tochi. Chiswe chimadya mtengo m'kati n'kusiya khungu lokha, kotero mtengo uliwonse aubaye ndi chitsulo. Bulugama wodulidwa wamuwisi amapindika akamauma, n'kukoka misomali, malata n'kuyamba kudontha. Malata nawo ali ndi mageji, ndipo nambala ikakula malata amapyapyala: a geji 32 ndi opepuka kuposa a 28. Masana dzuwa lili pamutu, tsekani zitseko ndi mawindo n'kuyang'ana kumwamba. Pamene pakulowa kuwala, mvula idzalowanso pomwepo. Koposa zonse aone chimene chagwira denga ku khoma. Mitengo iyenera kumangidwa ndi waya wolimba kapena chitsulo cholowa m'mizere ingapo ya njerwa. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikabwera ndi mphepo, timamva za madenga osasuka m'midzi ndi m'masukulu. Mukaona miyala ndi njerwa zitasanjikidwa pamwamba pa malata, mwininyumba wakuuzani kale mmene amalikhulupirira denga lake.

Chimbudzi chioneni kuti chatsala pati kudzaza komanso ngati pali malo okumba china, ndipo chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, chikhale kumunsi kwake. Mawaya a magetsi aonedwe ndi wamagetsi wa chiphaso, ndipo mudziwe kuti mita ya ESCOM ili m'dzina la yani, kuopa kugula magetsi okokera kwa aneba. Amene angathe kudikira adikire mvula, apite m'mawa kutagwa yamphamvu usiku, akaone kumene madzi a kumtunda amadzera.

Zonsezi n'zosavuta poyerekeza ndi funso la malo. Khoma long'aluka limakonzeka, koma nyumba yomangidwa m'malire a msewu siikonzeka. Malomo ali pamphambano: msewu wa M18 wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota, ndi wina wopita pa boma la Ntchisi. Pa misewu ikuluikulu ngati M18, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse ndi a msewu. Malo amene wabizinesi aliyense amawasirira, oyandikira phula, ndi omwewo amene a Roads Authority angadzalembe chizindikiro chofiira tsiku lokuza msewu. Tepi ya mmisiri iyeze pamenepo musanakambe za mtengo.

Kenako, kodi wogulitsayo ndiye mwini wake? Kuno ku Chichewa malo ambiri ndi a mbumba. Mkamwini atha kumanga nyumba ya malata ndi ndalama zake za fodya, koma nthaka ili pansi pake ndi ya kuchikazi, ndipo atsibweni a mkaziyo akadzamva mochedwa mlandu udzagwera inu. Nyumba ya masiye ndiye yofunika kusamala kwambiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. M'bale wa malemu sangagulitse nyumba chifukwa choti ndi wamkulu m'banja. Nyumba zina zili pa chikole kwa akatapila. Malamulo a malo a 2016, amene anawakonzanso mu 2022, ali ndi zoletsa zake pa kagulitsidwe ka malo a mafumu, choncho kuwonjezera pa kupita kwa anyakwawa ndi agulupu, ulendo wa ku ofesi ya za malo pa boma si wotaya nthawi. Chezaninso ndi oyandikana nayo nyumbayo, panokha, wogulitsa palibe. Mayi wa nyumba ya pafupi amadziwa chaka chimene denga linasasuka ndi amene anakanganirapo malire.

Ndikudziwa chimene chimatigwira. Ndi manyazi. Wogulitsa ndi munthu wopemphera naye, wokumana naye pamaliro, ndipo mukabwera ndi mmisiri atha kunena kuti, "Achimwene, kodi mukundiyesa wakuba?" Ulemu umenewu ndimaulemekeza, ndi umene umatisunga pamodzi. Koma kuona nyumba si kunyoza mwini wake. Zambiri zimene mmisiri amapeza, mwininyumbayo sazidziwa n'komwe, poti nayenso anangokhulupirira amene anamumangira. Mungathe kuyankha mofatsa kuti, "Pepani bambo, ndalamazi ndi za banja lonse, lolani mmisiri aone kuti mawa tisadzadane." Chibale chimene chimatha ndi cha anthu amene anagulitsana mwakachetechete, kenako n'kukakumana pabwalo la mfumu khoma litagwa. Koma amene akukaniratu, n'kumakufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musiyeni wa mawayo agule.

Mmisiri akamaliza, zimene wapeza zilembedwe papepala, pamodzi ndi matumba a simenti, malata ndi mitengo yofunika pokonza. Pepala limenelo ndilo mupite nalo pokambirana mtengo. Mukagwirizana kuti wogulitsa akonze yekha, zilowe m'kalata ya mgwirizano, pamodzi ndi malire a malo, mayina a mboni za mbali zonse ziwiri, siginecha ya mkazi kapena mwamuna wa wogulitsa, ndi chidindo cha amfumu. Gawo lina la ndalama likhale m'manja mwanu mpaka ntchitoyo itatha ndipo mmisiri wanu wabweranso kudzaiona.